Mvula pa Tsiku la Ukwati ndi Zithunzi Zake

Makolo athu, amene analibe kalendala yopachika pakhoma koma ankawerenga chaka poyang'ana mitengo, mbalame ndi mitambo, ankadziwa kuti chikondwerero chachikulu cha pamudzi chimayenera miyezi ya chilimwe, pamene chimanga chili m'nkhokwe, njira zauma, mitsinje yaphwa, ndipo mlendo wochokera kutsidya angathe kufika ndi mapazi ouma. Ife ana awo tasintha zambiri. Holo ya m'tauni imapezeka pa tsiku limene eni ake anena, osati limene ife tifuna. Abale amene ali pa ntchito ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London amaponda kwawo pa tchuthi cha Khirisimasi chokha. Ndipo pa zifukwa zotere maukwati ambiri a masiku ano amachitika mu Novembala ndi mu Disembala, ndiyo miyezi imene mlimi amadzuka nayang'ana kumwamba ndi chiyembekezo, pamene mkwatibwi akuyang'ana komweko ndi mantha. Tsono ukwati ukalengezedwa m'tchalitchi masabata atatu, makalata oitanira alendo atagawidwa, ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi atagwirizana zonse, sungabwezedwe m'mbuyo chifukwa cha mtambo wakuda umene watulukira kuseri kwa phiri la Ndirande.

Mwa nkhawa zonse zimene mtambo umenewo umadza nazo, yaikulu kwa akwati a lero ndi ya zithunzi, ndipo sitingawadzudzule, pakuti mpunga ndi nyama zidyedwa tsiku lomwelo, ndalama za perekaniperekani zitha mwezi usanathe, diresi libwezedwa kumene linabwerekedwa, koma chithunzi ndicho chidzakhale pakhoma la pabalaza kufikira adzukulu adzafunse kuti, "Agogo, kodi awa ndinu?" Komabe ndinena chinthu chimene ojambula okhwima pa ntchito amachidziwa, ngakhale sachitulutsa kawirikawiri pamaso pa owalemba ganyu: mwa adani a chithunzi cha ukwati mvula ndiye wamng'ono, ndipo dzuwa la masana la mu Okutobala lawononga nkhope za akwati zambiri kuposa mitambo yonse ya dzinja.

Chifukwa chake n'chotere. Diso la munthu linapangidwa modabwitsa, kotero kuti pa nthawi imodzi limaona ulusi wa nsalu yoyera yowala padzuwa ndiponso nkhope ya munthu amene waima pamthunzi. Koma kamera, ingakhale ya mtengo wapatali chotani, siingathe kusenza kuwala kwakukulu ndi mdima waukulu pamodzi, ndipo ziwirizi zikatalikirana kwambiri imasunga chimodzi n'kutaya chinzake. Taganizani tsono za mkwatibwi wa kwathu kuno, wa khungu lakuda lokongola, atavala diresi loyera mbee, ataima pabwalo la tchalitchi dzuwa lili paliwombo. Wojambula akati asamale diresi kuti maluwa ake osokedwa aoneke, nkhope imada bii, maso n'kubisala mumthunzi wa nsidze. Akati asamale nkhope, diresi limasanduka chigamba choyera chopanda msoko ngakhale mkanda, ntchito yonse ya telala n'kupita pachabe. Onjezanipo thukuta lonyezimira pamphumi pa mkwati amene wadzimanga tayi ndi jekete, ndi aperekezi onse otsinzinira chifukwa cha kuthobwa m'maso, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake zithunzi zambiri za m'nyumba zathu zimaonetsa anthu okwinya nkhope, pamene tsikulo mitima yawo inali yodzala ndi chimwemwe.

Mtambo ukaphimba dzuwa zonsezi zimatha. Kuwala kumene kunali kuchokera pa malo amodzi kumamwazika, n'kumatsika kuchokera kuthambo lonse mofanana, monga ufa utsikira pa sefa. Mithunzi yolimba ya pansi pa maso ndi pansi pa chibwano imafewa. Kusiyana kwa diresi ndi nkhope kumachepa kufikira pamene kamera ingathe kusunga zonse ziwiri. Ndipo khungu la munthu aliyense limaoneka ndi mtundu wake weniweni, uyu woyererako, uyo wakuda wosalala, osati mdima umodzi wophimba onse. Ojambula a m'masitudiyo amataya ndalama zambiri kugula nsalu ndi maambulera oyera oika patsogolo pa nyali zawo, pofuna kuwala kofewa komweku, kumene pa tsiku la mitambo Namalenga amakupereka kwaulere kwa wolemera ndi wosauka yemwe.

Ndipo mvula ikakata pamadza kanthawi kamene wojambula wanzeru sakagonera. Mu Seputembala ndi mu Okutobala mlengalenga mumadzaza fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire, kotero kuti mapiri amatuwa, ena osaoneka n'komwe. Koma mvula ikatsuka mpweya, phiri la Mulanje, la Zomba kapena la Dedza limaima poyera ndi miyala yake yonse, masamba amabiriwira, ndipo njerwa zonyowa zimafiira kwambiri. Amene anaonapo tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre mvula itangokata, chija anachimanga David Clement Scott pamodzi ndi anthu a m'dziko muno kuyambira 1888 kufikira 1891, onsewo osaphunzira za zomangamanga kusukulu, adziwa mmene diresi loyera limaonekera patsogolo pa makoma ofiira amenewo. Zithaphwi za pabwalo, zimene aliyense akuzilumpha ndi madandaulo, zimapatsa wojambula akwati awiri pa chithunzi chimodzi, a pamtunda ndi a m'madzi, ngati iye alola kugwada ndi kutsitsa kamera kufikira pafupi ndi nthaka. Utawaleza nawo uli ndi lamulo lake: umaoneka mbali yoyang'anizana ndi dzuwa, ndiponso pokhapokha dzuwalo litapendeka, chotero madzulo muufune cha kuvuma, dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula. Sukhalitsa, ukaoneka, siyani keke, tulukani, pakuti si akwati onse amene amajambulidwa pansi pa chizindikiro cha pangano la Nowa pa tsiku la pangano lawo.

Komatu mvula si imodzi. Chizimalupsa cha mu Okutobala chimangodzidzimutsa anthu n'kupita. Mvula ya dzinja, imene m'madera ambiri imagwa kuyambira Novembala kufikira Epulo, kawirikawiri imasiya m'mawa kwa dzuwa, mitambo n'kumaunjikana cha kumasana, ndipo imatsika ndi mabingu dzuwa litapendeka, nthawi zambiri osakhalitsa. Mvumbi wa mu Januwale ndi Febuluwale ndiye wouma mutu, pakuti ungathe kugwa usana ndi usiku osapuma. Palinso chiperoni, mawawa ozizira a nkhungu amene amadza ndi mphepo yochokera ku Mozambique mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, n'kukuta Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba. Chiperonichi chachititsa manyazi ambiri amene anasankha mwezi wa Julayi podzitama kuti athawa mvula. Malo nawo amasiyana: pamene Lilongwe imalandira mamilimita osafika 1,000 pa chaka, madera ena a m'mphepete mwa phiri la Mulanje amapitirira 2,000, ndipo ku Nkhata Bay mvula imachedwa kusiya. Nthambi ya boma yoona zanyengo imaulutsa pa wailesi za mmene kunja kuchere, ndipo tcheyamani wa komiti ya ukwati amene satchera khutu ku uthenga umenewu sabata ya ukwati wasiya gawo la udindo wake.

Podziwa kuti mvula ya dzinja imakonda madzulo, tiona kuti mbala yeniyeni ya zithunzi ndi kuchedwa. Ukwati woitanidwa 8 koloko m'mawa umayamba 10 koloko, chifukwa mkwatibwi akadali kusaluni, kapena galimoto yokongoletsedwa ndi maliboni yapita kukatenga apongozi. Potuluka m'tchalitchi mdipiti wa magalimoto uzungulira tauni yonse ndi mahutala. Ndipo pofika kumunda wa maluwa kumene zithunzi zinayenera kujambulidwa, madontho oyamba ayamba kale kugogoda pa galasi la galimoto. Pamenepo onse aimba mlandu mvula, imene inafika pa nthawi yake, osati iwo eni amene anataya maora awiri a m'mawa. Akulu anati likaomba otheratu. Zithunzi za makolo, za ankhoswe ndi za mbumba zonse ziwiri zijambulidwe pomwepo potuluka m'tchalitchi, ndipo pakhale munthu mmodzi wa mawu omveka, wodziwa abale a mbali zonse, woitana gulu ndi gulu, kuti malume asafunidwe kumsika pamene anzawo aima kale pamzere. Mvula ikayamba, khonde la tchalitchi kapena khomo lake lalikulu ndilo pothawira pabwino koposa: anthu aime m'kati pang'ono, nkhope zitaloza kunja kumene kukuchokera kuwala, ndipo adzatuluka bwino kuposa akanaima padzuwa. Tikumbukirenso kuti kuno kwathu dzuwa, ngakhale mu Disembala, limalowa cha m'ma 6 koloko, chisisira n'chachifupi, ndipo pa tsiku la mitambo yakuda kuwala kumathawa nthawi imeneyi isanakwane.

Mdima umenewu ndiwo mtengo weniweni wa mvula kwa wojambula. Ojambula akale, aja oyenda pa njinga kamera ili lende m'khosi, ankanyamula filimu ya Kodak, Fuji kapena Agfa ya zithunzi 24 kapena 36, ndipo mphamvu yake yolandira kuwala, imene inkalembedwa pa kabokosi kuti 100, 200 kapena 400, sinkasinthika kufikira filimuyo itatha; kunja kukada ankangodalira fulashi ndi pemphero, zotsatira n'kudzaziona patapita masiku, filimu itatsukidwa. Kamera za lero zimalola kusintha nambala imeneyi, imene amaitcha ISO, pa chithunzi chilichonse, kufikira 1600, 3200 ndi kupitirira, ngakhale kuti kukweza kwambiri kumabala timadontho tosokoneza kusalala kwa chithunzi. Palinso kachitseko ka m'kati mwa kamera, kamene ojambula amakatcha shutter: kakatseguka kwa gawo limodzi mwa magawo 500 a sekondi, madontho a mvula amaima m'malere, lililonse palokha, kakachedwa kufikira gawo limodzi mwa magawo 60, amasanduka timizere totsetsereka, kakachedwa kuposa apo, manja a wojambula ndi mapazi a ovina zimasiya chimbuuzi. Mvula siioneka pa chithunzi pokhapokha kumbuyo kwake kuli chinthu chakuda, monga mitengo kapena khoma, ndiponso kuwala kukuimenya kuchokera kumbuyo. N'chifukwa chake amisiri, kukayamba kuda, amatuma mnyamata wawo kukabisala kumbuyo kwa akwati ndi fulashi yokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Ikang'anima, dontho lililonse lozungulira awiriwo limayaka, ndipo chithunzi chimenecho sichingajambulidwe pa tsiku lopanda mvula, ngakhale mutalipira ndalama zingati. Koma fulashi yokhala pamwamba pa kamera, yolunjika kutsogolo, imawalitsa madontho a pafupi ndi lenzi, n'kudzaza nkhope za akwati ndi mawanga oyera.

Za maambulera ndinenepo pang'ono, pakuti ambiri amapunthwa pomwepa. Kuwala kukadutsa pa nsalu kumatenga mtundu wa nsaluyo, chotero ambulera yofiira imafiiritsa nkhope ndi diresi, yobiriwira imaonetsa mkwatibwi ngati wodwala, ndipo lona ya buluu yofolera tenti imachita chimodzimodzi kwa onse okhala kugome lapamwamba. Yoyenera ndi yoyera, kapena ija yoonekera m'kati. Ndipo pepani, akuluakulu, ambulera yolembedwa dzina la kampani ya mafoni kapena la chipani cha ndale isungidwire ulendo wa kumsika. Makampani amasintha mayina, zipani zimagwa, koma chithunzi chidzakhalapobe zaka makumi asanu.

Kamera nayo imafuna chisamaliro chake, ndipo sichilira ndalama zambiri. Jumbo yoboola pansi, yomangidwa kukamwa kwa lenzi ndi mphira wodula ku chubu cha njinga, yapulumutsa kamera zambiri. Choopsa kwambiri ndi chinyontho chosaoneka: kamera yotuluka m'galimoto yozizira n'kulowa mumpweya wofunda wa mvula imachita nthunzi pa lenzi, ndipo mankhwala ake ndi kudikira mphindi zingapo, osati kupukuta ndi tayi; ndiponso kamera yotsekeredwa m'chikwama ikadali yonyowa imamera chuku m'kati mwa magalasi ake, chimene n'chovuta kuchotsa. Timapaketi tija ta timiyala toyera timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano ntchito yake ndi kumwa chinyontho, ndipo wojambula asatitaye. Kandege kojambulira m'mwamba kakhale m'bokosi mwake kufikira kunja kutayera. Anamwali asanu ochenjera a m'fanizo lija la m'Baibulo anatenga mafuta apadera popita ku ukwati. Wojambula wa lero atenge mabatire apadera, pakuti tsiku la mphepo ndi mabingu ndilo tsiku limene magetsi amakonda kuthima.

Pali chinanso chimene ambiri amachizindikira mochedwa, akamaonera vidiyo kunyumba. Matchalitchi athu ambiri n'ngofoleredwa ndi malata opanda siling'i, ndipo mvula yamphamvu ikagwa pa malata, mawu a mkwati ndi mkwatibwi polumbira pamaso pa Mulungu ndi mpingo amamira m'phokosolo, milomo n'kumaoneka ikugwedezeka koma osamveka kanthu. Kamaikolofoni kakang'ono kopanikiza pa jekete la mkwati kamathetsa vutoli.

Walira mvula walira matope, ndipo katondo wofiira wa kwathu kuno sachitira chisoni nsalu yoyera, makamaka yobwereka, imene mwini wake adzaiyang'ana mpendero wonse pobweza. Matope akagwera pa diresi asatikitidwe akadali aawisi, chifukwa kutero n'kuwalowetsa mu ulusi. Aume kaye, kenaka asasidwe. Poima pa udzu wonyowa, pansi payalidwe mkeka kapena pulasitiki, diresi lomwelo lidzaubisa. Ndipo nsapato za zidendene zazitali, zimene zimamira m'nthaka yofewa, zidikire m'galimoto pamene mkwatibwi akuyenda ndi zafulati zimene palibe adzazione. Pa ukwati wina wa kumudzi ndinaona azakhali a mkwatibwi, mayi wachikulire wa mpango kumutu, atavula chitenje chawo chapamwamba chatsopano, nasonkhanitsiramo mchira wonse wa diresi, n'kumatsatira pambuyo ali chowerama, iwo eni matope akulekeza m'akakolo, ndipo mwanayo atacheuka ndi nkhope ya nkhawa anamuuza kuti, "Iwe mwana wanga, usayang'ane pansi ayi, matopewa ndi anga, iwe yang'ana mwamuna wako." Wojambula anali maso, sanadikire kuti aime bwino, ndipo mwa zithunzi zonse za tsikulo chimenecho ndicho chinakulitsidwa.

Pali malire amene chithunzi sichiyenera kuwadumpha. Mabingu akayamba kugunda, onse alowe m'nyumba kapena m'galimoto. Pansi pa mtengo wautali woima wokha, pamwamba pa phiri, pabwalo la mpira ndi m'mphepete mwa nyanja ndi malo amene mphenzi imakonda, ndipo yatenga miyoyo yambiri m'dziko muno. Kuchokera pamene kwang'anima kufikira pamene bingu lamveka, masekondi atatu alionse ndi mtunda wa kilomita imodzi, ndipo wowerenga adzadabwa kuona kufupika kwake. Mtsinje wosefukira usawolokedwe chifukwa chakuti alendo akudikira kuholo. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe, adziwa kuti ilipo mvula imene ukwati uyenera kuipatsa njira.

Ndimamva kuti pena ndi pena, ukwati ukayandikira, pamakhala manong'onong'o ofuna munthu wodziwa kumanga mvula. Ndalama zimenezo zikanagula maambulera oyera khumi. Ndiponso n'chinthu chochititsa manyazi m'dziko limene makolo ankayenda mitunda italiitali ndi nsembe, ena kwa Makewana ku Msinja, ena kwa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kukapempha madzi omwewa amene ife tifuna kuwabweza chifukwa cha tsitsi la kusaluni. Mwa alendo okhala m'tenti, ambiri asiya mbewu m'nthaka, ndipo pamene a m'tauni akudandaula, amayi a kumudzi amaimba nthungululu nati ukwatiwu wadza ndi madalitso; kamera ikatembenukira kwa iwo pa nthawi imeneyo imapeza nkhope zimene palibe wojambula angazipange mwa kulamula kuti sekani. Chimene palibe lenzi ingachikonze ndi nkhope ya mkwatibwi amene wauzidwa kuti tenti ikudontha, nkhuni zanyowa, ndipo oimba sanafike. Pa ukwati wa ku Kana vinyo atatha, nkhaniyo inathera pakati pa mayi wa Yesu, Mwana wake ndi atumiki, mkwati n'kungolandira chiyamiko. Momwemonso ankhoswe ndi a komiti asenze okha mavuto a mvula, osawatula pa akwati.

Zithunzi zikatsukidwa zisapachikidwe pa khoma lotuluka chinyontho, kapena kuunjikidwa m'sutikesi ya pansi pa bedi m'nyengo ya dzinja, pakuti zimamatirirana n'kusupuka. Ndipo zosungidwa m'foni kapena m'kompyuta zikhale pa malo awiri osiyana. Tsono inu amene mukukonza ukwati wa m'miyezi ya mvula, safunsa anadya phula: musanapereke ndalama ya chikole kwa wojambula, mufunseni ngati ali ndi kamera yachiwiri, fulashi yochoka pa kamera ndi kamaikolofoni ka pa jekete, ndipo yendani naye kutchalitchi ndi kuholo ukwati usanafike, kuti akaone ndi maso ake khonde limene adzathawireko. Koposa zonse, mupempheni akuonetseni zithunzi za ukwati wathunthu umene anaujambula pa tsiku la mvula, kuyambira m'mawa kufikira madzulo, osati zitatu zosankhidwa zimene amaika pa Facebook. Akayamba kuzengereza, funani wina nthawi ikadalipo.